Shinzo Abe ndi agogo ake awiri

Lachisanu pa 8 Julayi 2022 ndinadzuka n'kupeza anzanga atatu anditumizira kanema mmodzi yemweyo pafoni. Bambo wachikulire wovala jekete yakuda ndi malaya oyera waima pakansanja kakang'ono m'mbali mwa msewu, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Yamato-Saidaiji mumzinda wa Nara, maikolofoni ili m'manja. Kwatsala masiku awiri kuti anthu akaponye voti, ndipo iye akupemphera mavoti mnzake wa chipani chimodzi. Kumbuyo kwake kukumveka kuphulika, utsi woyera uli tolotolo. Iye akucheuka kuti aone chachitika n'chiyani. Kuphulika kwachiwiri ndiko kunamugwetsa. Dzuwa lisanafike pamutu, nyumba zoulutsa mawu zinali zitatsimikiza kuti a Shinzo Abe, amene anakhala nduna yaikulu ya Japan nthawi yaitali kuposa wina aliyense, atisiya ali ndi zaka 67.

Kanemayo ndinamuonera kamodzi kokha, sindinafune kumubwereza. Koma nkhani ya bambo amenewa sinandichoke m'mutu. Ndinayamba kuwatsatira mu 2007 atagwa koyamba, ndipo chimene chinandikoka ndi funso limene limandibwerera nthawi zonse ndikaona mwana wa wandale akulowa ndale. Kodi munthu wotere amayenda ulendo wake, kapena amangomalizitsa ulendo umene akuluakulu ake anausiyira panjira?

A Abe anabadwa pa 21 Seputembala 1954 ku Tokyo. Bambo awo, a Shintaro Abe, panthawiyo anali mtolankhani wa nyuzipepala ya Mainichi, koma mu 1958 anakhala phungu, kenako nduna yoona za ubale ndi maiko akunja kuyambira 1982 mpaka 1986. Ambiri ankati mpando waukulu ukuwadikirira, koma khansa inawatenga mu 1991 asanaukhalepo. Mayi awo, a Yoko, anali mwana wa a Nobusuke Kishi, nduna yaikulu kuyambira 1957 mpaka 1960. Mng'ono wa a Kishi, a Eisaku Sato, anakhalanso nduna yaikulu kuyambira 1964 mpaka 1972, n'kudzalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1974. Musadabwe kuti ana a mimba imodzi ali ndi maina osiyana. Ku Japan banja limatha kutenga mnyamata wa pachibale kuti dzina lisafe, iye n'kusiya dzina lakwawo. Zinateronso ndi mng'ono wa a Shinzo, a Nobuo Kishi, amene anaperekedwa kwa amalume awo ali khanda, ndipo mu 2020 anadzakhala nduna ya zachitetezo.

Ajapani amati wofuna kupambana chisankho azikhala ndi zinthu zitatu: jiban, kanban ndi kaban. Jiban ndi nthaka, kutanthauza dera ndi gulu la anthu okhulupirika amene amayenda khomo ndi khomo kukufunirani mavoti. Kanban ndi chikwangwani, dzina loti aliyense akalimva sadzafunsanso kuti ndi ndani. Kaban ndi chikwama, ndipo chimene chimakhala m'chikwamamo mukuchidziwa. Munthu wamba amakalamba akusonkhanitsa zitatuzi, pomwe mwana wa phungu amazilandira zonse pamaliro a bambo ake. A Abe anakulira ku Tokyo, anaphunzira pa sukulu za Seikei kuyambira pulayimale mpaka yunivesite, anakakhalako pang'ono ku University of Southern California, anagwira ntchito zaka zitatu ku Kobe Steel, kenako mu 1982 anakhala mlembi wa bambo awo. Mu 1993 anatenga mpando wa bambo awowo m'chigawo cha Yamaguchi, kutali kumadzulo kwa chilumba cha Honshu, kumene sanakulireko n'komwe. Ndipo si okha. Nduna zazikulu zinayi zotsatizana kuyambira 2006 mpaka 2010, a Abe, a Fukuda, a Aso ndi a Hatoyama, onse anali ana kapena zidzukulu za nduna zazikulu zakale. Ine zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndimaganizira mwana wanzeru wa mlimi amene sadzaufika mpando wotere ngakhale atalimbikira bwanji. Pamene a Yoshihide Suga, mwana wa mlimi wa sitiroberi wa ku Akita, analowa m'malo mwa a Abe mu 2020, nyuzipepala zinachita kulemba za umphawi wakwawo ngati chozizwitsa.

Koma cholowa chenicheni chimene a Abe analandira chinali cholemera kuposa zitatu zija, ndipo kuti tichimvetse tiyenera kubwerera ku 1960.

A Kishi anali munthu wa mbiri yovuta. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, iwo ndi amene ankayendetsa za mafakitale ku Manchukuo, dziko limene Japan inadzipangira kumpoto chakum'mawa kwa China, kumene anthu ambirimbiri a ku China ankagwiritsidwa ntchito mokakamiza. Mu 1941 anali nduna ya zamalonda ndi mafakitale m'boma la a Hideki Tojo, ndipo anasaina nawo chikalata choyambitsa nkhondo ndi America. Nkhondo itatha anatsekeredwa m'ndende ya Sugamo zaka zitatu powaganizira milandu ikuluikulu ya nkhondo, koma anatulutsidwa mu Disembala 1948 osazengedwa mlandu. Zisanathe zaka khumi anali nduna yaikulu. Chimene ankafunitsitsa chinali kukonzanso pangano la chitetezo la pakati pa Japan ndi America, limene Ajapani amalitchula mwachidule kuti Anpo, kuti America ikhale ndi udindo woteteza Japan osati kungosungako asilikali ake. Ambiri sanawakhulupirire. Ankaona munthu wa nkhondo yadzulo akuwakokera ku nkhondo ya mawa. Mu Meyi 1960 apolisi anatulutsa aphungu otsutsa m'nyumba ya malamulo mochita kuwanyamula, pangano n'kuvomerezedwa pakati pa usiku. Anthu miyandamiyanda anazungulira nyumba ya malamulo kwa milungu ingapo. Pa 15 Juni, Michiko Kanba, mtsikana wa zaka 22 wophunzira pa yunivesite ya Tokyo, anafa pamkangano ndi apolisi. Ulendo wa Pulezidenti Eisenhower wa America wobwera ku Japan unalephereka. Pangano linayamba kugwira ntchito, koma a Kishi anatula pansi udindo mu Julayi.

Shinzo anali ndi zaka zisanu. A Abe eniake ankasimba kuti ankapita kunyumba kwa agogo awo ku Nanpeidai, mumzinda wa Tokyo, kunja kuli chikhamu cha anthu chikukuwa kuti "Anpo hantai", kutanthauza kuti pangano sitikulifuna. Kwa kamwana mawuwo ankamveka ngati nyimbo, ndiye kankaguba m'nyumbamo kakuwabwereza, makolo akukadzudzula, agogo akungomwetulira. Chithunzi chimenechi ndimachiona ngati ndinalipo. Panja pali dziko lonse lokwiya, m'kati muli nkhalamba yofatsa ikusewera ndi mdzukulu wake. Mwana amakhulupirira zimene waona ndi maso ake. Atakula anavomereza yekha kuti kumva anthu akunyoza agogo ake kuti ndi chigawenga cha nkhondo n'kumene kunamukankhira ku ndale za osunga mwambo, za anthu okonda dziko, mbendera, banja ndi mbiri ya makolo, amene safuna kuti mtundu wawo uziyenda chowerama.

Komatu agogo aamuna analipo awiri. Bambo a a Shintaro anali a Kan Abe, wochokera kumudzi wa Heki, umene lero uli mumzinda wa Nagato m'mphepete mwa nyanja. Anasankhidwa kukhala phungu mu 1937, ndipo ankatsutsa poyera ulamuliro wa asilikali. Pa chisankho cha 1942, nkhondo ili m'kati, boma la a Tojo linatulutsa mndandanda wa anthu amene linkafuna kuti avoteredwe. A Kan sanali pamndandandawo. Anaima paokha, apolisi akuwalonda, thupi lawo lili lodwaladwala, ndipo anapambana. Taganizani, chaka chomwecho agogo ena anali nduna m'boma la a Tojo, agogo enawo akulimbana nalo. A Kan anamwalira mu Januwale 1946, zaka zisanu ndi zitatu mdzukulu wawo asanabadwe. Sanamuyangatepo, sanamumwetulirepo. Dzina limene Shinzo ankadziwika nalo linali lawo, nthaka ya mavoti inali yawo, koma m'zolankhula zake sankawatchula kawirikawiri. Nthawi zambiri ndimadzifunsa kuti Japan ikanakhala yotani nkhalamba imeneyi ikanakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri.

Dzina la a Abe linamveka dziko lonse mu Seputembala 2002, pamene anaperekeza nduna yaikulu ya panthawiyo, a Junichiro Koizumi, ku Pyongyang, likulu la North Korea. Kumeneko mtsogoleri wa dzikolo, a Kim Jong Il, anavomereza kuti North Korea inaba Ajapani 13 m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, n'kunena kuti asanu ndi atatu mwa iwo anafa. Mmodzi mwa obedwawo anali Megumi Yokota, amene anasowa ku Niigata mu 1977 ali ndi zaka 13, akuchokera kusukulu. Asanu amoyowo atabwera ku Japan mwezi wotsatira, pamgwirizano woti adzabwerere, a Abe anali m'gulu la amene anakaniratu kuwabweza. Apa ndimawagwirizana nawo ndi mtima wonse. Munthu wobedwa sabwezedwa kwa womuba. Kuyambira pamenepo kabaji kabuluu kokumbutsa obedwawo sikankachoka pajekete yawo.

Pa 26 Seputembala 2006 anakhala nduna yaikulu ali ndi zaka 52, wamng'ono kuposa onse chithereni nkhondo, komanso woyamba kubadwa nkhondoyo itatha. Anathamangira zimene zinali pamtima pawo. Anasintha lamulo la maphunziro kuti ana aziphunzitsidwa kukonda dziko lawo, anakweza nthambi ya zachitetezo kukhala unduna, anakhazikitsa lamulo loyendetsera riferendamu yosinthira malamulo aakulu a dziko. Koma anthu maganizo awo anali kwina. Zinadziwika kuti boma lasokoneza zolembedwa za penshoni pafupifupi 50 miliyoni, osadziwa kuti mwini wake ndi ndani. Nduna zawo zinkagwa ndi nkhani za ndalama, ndipo nduna ya zaulimi inadzipha mu Meyi 2007. Mu Julayi chipani chawo cha Liberal Democratic Party (LDP) chinagonja koopsa pa chisankho cha nyumba yapamwamba ya malamulo. Pa 10 Seputembala anaima m'nyumba ya malamulo kufotokoza mfundo za boma lawo, pa 12 n'kulengeza kuti akutula pansi udindo, mawa lake ali m'chipatala.

Anali ndi matenda a zilonda za m'matumbo kuyambira ali mnyamata. Ndi matenda ochititsa manyazi kuwafotokoza, oti munthu amathamangira kuchimbudzi kambirimbiri pa tsiku, magazi akutuluka, chakudya osachifuna. Anthu sanawamvere chisoni. Ankawatcha botchan, mwana wa bwana woleredwa pamanja, amene wathawa zinthu zitavuta. Ndipo apa m'pamene ine ndinayamba kuwalemekeza, chifukwa zimene zinatsatira sizinali za cholowa ayi. Dzina la agogo silingakuimitse ukagwa pamaso pa dziko lonse motero. Anabwerera ku Yamaguchi n'kumachita timisonkhano ting'onoting'ono ndi anthu ochepa, ankalemba m'kope zolakwa zawo, ndipo mankhwala atsopano amene analoledwa ku Japan mu 2009 anawabwezera mphamvu. Mu Seputembala 2012 anapambananso utsogoleri wa chipani, ndipo pa 26 Disembala anabwerera pampando. Chiyambire a Shigeru Yoshida mu 1948, palibe amene anachoka pampandowo n'kudzaukhalanso.

Ulendo wachiwiriwu anali ataphunzira kuti munthu wanjala samva za mbendera. Anayamba ndi chuma. Mfundo zawo zinatchedwa Abenomics, za mivi itatu: banki yaikulu ithire ndalama zambiri pamsika, boma ligwiritse ntchito ndalama mosaumira, malamulo a malonda ndi ntchito akonzedwe. Mitengo ya masheya inakwera kuwirikiza kawiri, ulova unatsika kufika pansi pa 3 peresenti, amayi ambiri analowa ntchito ngakhale zambiri zinali zaganyu. Koma malipiro a munthu wamba sanasunthe kwenikweni, ndipo msonkho wa pogula zinthu unakwera kawiri, kuchoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu 2014, kenako 10 mu 2019. Anapambana zisankho zisanu ndi chimodzi motsatizana. Kunja nako sanagone. Analandira a Obama ku Hiroshima mu Meyi 2016, iwo n'kupita mu Disembala ku Pearl Harbor, doko la America limene Japan inaukira mu 1941. Ku Nairobi mu Ogasiti chaka chomwecho, pamsonkhano wa TICAD (wa Japan ndi maiko a mu Africa) woyamba kuchitikira mu Africa, ndi kumene analengeza masomphenya awo a nyanja za Indian ndi Pacific zaufulu ndi zotseguka kwa onse. A Trump atatulutsa America m'pangano la zamalonda la TPP, a Abe anagwirizanitsa maiko 11 otsalawo mpaka anasainirana mu Malichi 2018.

Zonsezi zinali zenizeni, koma mtima wawo unali pa gawo 9 la malamulo aakulu a dziko. Malamulowo analembedwa Japan ili m'manja mwa asilikali a America, anayamba kugwira ntchito pa 3 Meyi 1947, ndipo mpaka lero sanasinthidwepo ngakhale liwu limodzi. Gawo 9 limati Japan yasiya nkhondo mpaka kalekale ndipo sidzasunga gulu lankhondo. Kwa Ajapani ambiri limeneli ndi lumbiro lopatulika, lolembedwa ndi phulusa la Hiroshima ndi Nagasaki. Kwa a Kishi linali goli limene wopambana anaveka wogonja, ndipo analimbana nalo mpaka imfa yawo mu 1987. Mdzukulu anasenza katundu yemweyo. Mu Julayi 2014 nduna zawo zinasintha katanthauziridwe ka gawolo kuti asilikali a Japan azitha kuthandiza dziko logwirizana nalo likaukiridwa, ndipo mu Seputembala 2015 malamulo ake anadutsa. Panja pa nyumba ya malamulo panadzazanso anthu, pamalo omwe aja a 1960, akukuwa dzina la mdzukulu m'malo mwa dzina la agogo. Ndikukhulupirira kuti phokosolo silinawaopse. Anali atalimva kale ali ndi zaka zisanu, ndipo phunziro limene anatolapo linali loti mtsogoleri weniweni ndi amene amalimba khamu likamamuda.

Phunziro limenelo ndi limene ndimasiyana nawo. Nthawi zina khamu limakhala likunena zoona. Ndimamvetsa nkhawa yawo pa chitetezo, poti dziko loyandikana ndi North Korea, China ndi Russia silingagone tulo tofa nato. Koma pa nkhani ya mbiri ya nkhondo sanachite bwino. Mu Malichi 2007 ananena kuti palibe umboni woti asilikali a Japan ankachita kugwira mokakamiza amayi amene ankagwiritsidwa ntchito ya chiwerewere m'misasa ya asilikali, pomwe ena mwa amayiwo anali amoyo, okalamba, akufotokoza okha zimene zinawachitikira. Pa 26 Disembala 2013 anakapembedza ku kachisi wa Yasukuni, kumene pakati pa mizimu ya ofera kunkhondo amalemekezakonso atsogoleri 14 a milandu ikuluikulu ya nkhondo. China ndi South Korea anakwiya, ngakhale America inati yakhumudwa. Mu Ogasiti 2015 anati ana ndi zidzukulu za Japan asamabadwire kupepesa. Mawu amenewo ndimawamva kuti akuchokera pati, akuchokera m'nyumba ija ya ku Nanpeidai. Koma amayi aja nawonso ali ndi zidzukulu, ndipo nazonso zimakonda agogo awo.

Ulamuliro wautali unabweretsanso matenda ake. Pa nkhani ya Moritomo mu 2017, malo a boma anagulitsidwa motchipa kwambiri kwa sukulu imene mayi a kunyumba kwawo anali nayo paubale, zikalata za ku unduna wa zachuma zinasinthidwa, ndipo wogwira ntchito m'boma amene anakakamizidwa kuzisintha anadzipha mu Malichi 2018. A Abe anakana kuti sanakhudzidwe, ndipo sanazengedwe mlandu. Komabe imfa ya bambo ameneyo siiwalika kwa ine ndikamawerenga zowatamanda.

Pa 24 Ogasiti 2020 anaposa a Sato, mng'ono wa agogo awo, pa kukhala pampando masiku ambiri motsatizana. Patangopita masiku anayi analengeza kuti matenda aja abwereranso ndipo akuchoka. Anatchula zinthu zitatu zimene akuzisiya zosatha: obedwa a ku North Korea, pangano la mtendere ndi Russia ngakhale anakumana ndi a Putin maulendo 27, ndi kusintha malamulo aakulu. Mawu a Chijapani amene anafotokozera ululu wakewo amatanthauza kuduka kwa matumbo. Bambo a Megumi anali atamwalira mu Juni chaka chomwecho, osamuonanso mwana wawo.

Tsopano tibwerere ku Nara. Amene anawaombera anali bambo wa zaka 41, amene kale anagwirako ntchito m'gulu la asilikali a panyanja, ndipo mfuti anachita kupanga yekha ndi mapaipi awiri okulungidwa ndi tepi yakuda. Anauza apolisi kuti mkwiyo wake sunali pa ndale za a Abe. Unali pa mpingo wa Unification Church, umene mayi ake anaupatsa pafupifupi mayeni 100 miliyoni mpaka banja lonse linasauka. Anasankha a Abe chifukwa mu Seputembala 2021 anatumiza uthenga wa pakanema ku msonkhano wa bungwe logwirizana ndi mpingowo. Ndipo ubale wa mpingowo ndi banja limeneli unayamba ndi a Kishi, amene m'zaka za m'ma 1960 anaona a Sun Myung Moon, amene anayambitsa mpingowo, ngati mnzawo polimbana ndi chikomyunizimu. Likulu la mpingowo ku Japan linakhalapo moyandikana ndi nyumba ya a Kishi ku Nanpeidai komwe kuja. Palibe chowawa chimene chimapatsa munthu ufulu wopha mnzake, ndipo zimene zinachitika ku Nara ndi kupha basi. Koma nditawerenga za Nanpeidai ndinakhala chete nthawi yaitali. Wolowa chuma cha masiye amalowanso ngongole zake, ngakhale zimene sanaziwerengepo.

Maliro a boma anachitika pa 27 Seputembala 2022 ku holo ya Nippon Budokan ku Tokyo, oyamba a nduna yaikulu yakale chiyambire a Yoshida mu 1967. Tsikulo anthu ena anaima pamzere wautali atanyamula maluwa, ena anali pa zionetsero zokana kuti msonkho wawo ulipire mwambowo. A Abe ndi mayi a kunyumba kwawo, a Akie, analibe ana. Mpando wawo wa ku Yamaguchi unapita kwa munthu wa dzina lina, pomwe mwana wa mng'ono wawo anatenga mpando wa bambo ake mu Epulo 2023 ndi dzina la Kishi. A Yoko, amene anaika m'manda bambo awo, amuna awo ndi mwana wawo, anamwalira mu Febuluwale 2024 ali ndi zaka 95. Mu Julayi 2023, chitatha chaka chimodzi chiwaombereni, phulusa la a Shinzo anapita nalo ku manda a banja la Abe ku Nagato, m'mphepete mwa nyanja, kwawo kwa a Kan.